John Chilembwe ndi sukulu zoletsedwa ku Magomero

Akhristu okondedwa, makamaka inu akatekisiti amene mumasonkhanitsa ana m'midzi, lero tikumbukire munthu amene sanali wa Mpingo wathu, koma anavutikira kwambiri maphunziro a ana kuno ku Chiradzulu.

John Chilembwe anayamba ntchito m'nyumba ya mmishoni Joseph Booth m'chaka cha 1892. Mu 1897 Booth anamka naye ku America, kumene anakaphunzira ku Lynchburg, ndipo mu 1900 anabwerera ali mbusa nakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Iye sanakhutire ndi kuwerenga kokha. Anafuna kuti mwana adziwenso ntchito ya manja yodyera m'tsogolo: anyamata anaphunzira ulimi, atsikana kusoka, ndipo pa kusokako anathandiza mayi Emma DeLany wa ku America.

Koma chapafupi pomwepo panali esiteti yaikulu ya A. L. Bruce ku Magomero. Ambiri okhala m'menemo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalipira malo ndi thangata. Eni esiteti sanalole sukulu m'dziko lawo, ndipo woyang'anira wawo, William Jervis Livingstone, anatenthetsa timatchalitchi taudzu timene anthu a Chilembwe anamanga, momwenso ana ankaphunziriramo. Chifukwa chake, ine ndikuganiza, sichovuta kuchiona. Mwana wodziwa kulemba ndi kuwerengera amadziwa masiku amene wagwira ndi malipiro omuyenera. Akakula atha kukhala kalaliki kapena mphunzitsi, osadzabwereranso ku munda wa thonje wa mwini malo.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira, ndipo Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake. Patapita masiku owerengeka anatenthanso mishoni yathu ya Nguludi. Magazi amenewo sindingawayamikire, ngakhale madandaulo ake anali oona. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale ali kuthawira ku malire, boma linagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe, sukulu zake zonse zinatsekedwa.

Mishoniyo inakhala bwinja kufikira 1926. Amene anadzaitsegulanso anali Daniel Malikebu, mwana wa sukulu yomweyo ya ku Mbombwe, yemwe anatsata mayi DeLany ku America nakabwerako ali dokotala.