Libert Oury: mwini maloto a mlatho wa Dona Ana, ngongole n'kusiyira ife

Ndikafunsa anzanga kuno ku Chinguluwe kuti njanji ya pa Salima anabweretsa ndani, ambiri amangoti Kamuzu. Ayi ndithu, ya Kamuzu ndi ija yopita ku Lilongwe, ya m'ma 1970. Yochokera ku Blantyre inafika mu 1935, ndipo kumbuyo kwake kuli bambo wina dzina lake Libert Oury.

Oury anabadwira ku Belgium mu 1868, koma bizinesi ankachitira ku London. Anali mmodzi mwa akuluakulu a Mozambique Company, kampani yomwe inkalamulira Beira ndi madera ozungulira. Nzeru zake zinali zoti katundu wa Nyasaland komanso malasha a ku Moatize azidutsa padoko la Beira, pomwe iye anali ndi phindu.

Anayamba ndi njanji ya Trans-Zambezia, yomwe inatsegulidwa mu 1922 kuchokera kufupi ndi Beira mpaka pamtsinje wa Zambezi. Pamtsinjepo sitima zinkathera pomwepo, katundu n'kumawolotsedwa pa zombo, madzi akaphwera zonse zinkaima. Oury ndi anzake anakakamira boma la Britain mpaka linavomera mlatho. Kampani ya Cleveland Bridge inamanga mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, n'kutsegulidwa mu 1935. Njanji yathuyi inamangidwa nthawi imodzimodziyo. Inayenera kukafika ku Domira Bay, koma inathera pa Salima.

Chomwe chimandiwawa ine n'chakuti ngongole za njanjizi anazisenzetsa boma la Nyasaland. Ndalama zamsonkho wa agogo athu zinkapita kukalipira chiwongoladzanja cha njanji yomwe ili m'dziko la eni, sukulu ndi zipatala zikusowa. Oury anamwalira mu 1939, ngongole ikadalipo.

Mlathowo wawona zambiri. Zigawenga za Renamo zinauphulitsa m'ma 1980, mu 1995 unakonzedwa kuti pazidutsa magalimoto, ndipo mu 2009 unabwerera ku sitima. Lero malasha a ku Moatize amadutsapo kupita ku Beira, monga Oury ankafunira. Koma ife, madzi osefukira atadula njanji ku Chiromo mu 1997, njira yochokera ku Salima kukafika pamlathowo inatsekeka.

Ndiye achinyamata anzanga, akamalengeza chitukuko cha ngongole tisamangothamangira kugawana zithunzi pa Facebook. Tizifunsa kuti adzalipira ndani, nanga adzadyerera ndani.