Jean O'Hara, Mkazi Amene Adakana Kubisidwa ku Honolulu

Mwana wa sukulu aliyense amene adaphunzirapo za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse amalidziwa dzina la Pearl Harbor. Amadziwa kuti m'mawa wa pa 7 December, 1941, ndege za ku Japan zidaponya mabomba pa dooko limeneli, pa chilumba cha Oahu ku Hawaii, ndipo anthu oposa 2,400 adafa. Amadziwanso kuti nkhondo yolimbana ndi Japan ndi yomwe idafikitsa asilikali athu a K.A.R. m'nkhalango za ku Burma. Koma mabuku a m'kalasi sanena kanthu za msewu wina wa mumzinda wa Honolulu, kufupi ndi dookolo, kumene akazi pafupifupi 250 ankagwira ntchito imene boma linkailetsa ndi pakamwa, uku likulandira msonkho wake ndi manja awiri. Msewuwo ndi Hotel Street, ndipo mwa akazi onsewo, amene dzina lake lidamveka koposa ndi Jean O'Hara.

Betty Jean O'Hara adabadwa m'chaka cha 1913 mumzinda wa Chicago. Adali mwana mmodzi yekha wa makolo ake, Akatolika olimbikira, ndipo bambo wake adali dokotala. Tsono sitinganene kuti ndi njala imene idamutulutsa pakhomo. Iye mwini adavomera m'zolemba zake kuti chimene chidamukopa akadali mtsikana ndicho zovala zokongola, mphete zonyezimira ndi ndalama zobwera msanga. Adayamba uhule asanakwanitse zaka 20, adakagwira ntchitoyi ku San Francisco, ndipo m'chaka cha 1938 adakwera sitima ya pamadzi kupita ku Honolulu, kumene kudamveka kuti ndalama n'zosayamba chifukwa cha kuchuluka kwa asilikali.

Nthawi imeneyo Hawaii adali asanakhale chigawo chokwanira cha United States, pakuti zimenezi zidachitika mu 1959. Malamulo ankaletsa uhule, koma akuluakulu a mzinda ndi a nkhondo adagwirizana m'seri kuti nyumba za mahule zikhalepo, zokhazokha zitsekeredwe kudera limodzi la Chinatown, kutali ndi mabanja a anthu olemera. Woyang'anira dongosolo limeneli adali mkulu wa apolisi, William Gabrielson. Mkazi akangotsika m'sitima, apolisi ankamutenga, kumudinda zala, kumulemba m'kaundula ngati munthu wosangalatsa anthu, ndi kumupatsa chiphaso cha dola imodzi pa chaka. Akatero ankamuwerengera malamulo.

Malamulowo ndi ofunika kuwamvetsa, pakuti ndiwo adabala nkhani yonse. Mkazi wa ku Hotel Street sankaloledwa kukasamba ku gombe lotchuka la Waikiki, kulowa m'malo odyera a pamwamba, kapena kupita ku dansi. Sankaloledwa kugula nyumba kapena galimoto, kukhala ndi bwenzi lokhazikika, kukwatiwa ndi msilikali, ngakhale kukhala mpando wa kutsogolo wa takisi. Kutumiza ndalama kapena kuimba lamya kwawo kunkafunika chilolezo cha mayi woyendetsa nyumbayo. Kusamukira ku nyumba ina kudali koletsedwa, ndipo nthawi ya 10:30 usiku inkayenera kumupeza m'kati. Wophwanya malamulo ankamenyedwa kapena kuthamangitsidwa pachilumbapo. Mwachidule, mzinda unkafuna ntchito ya akaziwa ndi ndalama zawo, koma sunkafuna kuona nkhope zawo.

Jean O'Hara sadapirire zimenezi. Adakwatiwa ndi mwamuna wa konko, ndipo adapeza nyumba kunja kwa Chinatown, m'madera a anthu aulemu wawo. Apolisi ankamuchotsa, iye n'kukapeza ina. Monga adafotokozera iye mwini, tsiku lina atafuna kutuluka m'nyumba ya mahule kuti akakhale ndi mwamuna wake, mayi woyendetsa nyumbayo adaitana apolisi, ndipo wapolisi wina adamumenya mpaka kumuthyola nthiti. Pamwamba pa izo, adamuimba iye mlandu. Akazi ambiri akadangoti chete, poti mlandu wa mbuzi sukoma woweruza akakhala fisi. Iye adapeza loya, nasumira apolisi ku khoti. Poopa kuti zobisika zingatulukire poyera, akuluakulu a polisi adauthetsa mlandu wake, nayenso adasiya wawo. Kuyambira pamenepo akazi anzake adaona ndi maso kuti dongosolo lonse lija lidali ndi pofooka pake: linkaopa kutchulidwa pagulu.

Mabomba atagwa pa Pearl Harbor, zipatala zidadzaza ndi anthu opsa ndi ovulala. Akazi a ku Hotel Street adathamangira kukathandiza anamwino, ndipo ena adapereka zipinda ndi mabedi awo kuti ovulala agonepo. Anthu omwewa amene dzulo lake sankaloledwa kuponda mchenga wa Waikiki, tsiku limenelo palibe adawafunsa chiphaso. Tsiku lomwelo ulamuliro wa Hawaii udalowa m'manja mwa asilikali, ndipo mphamvu za Gabrielson zidachepa. Mkulu wa apolisi a usilikali, Frank Steer, adali wofewerapo, kotero kuti akazi ambiri adayamba kuyenda poyera ndi kukhala m'nyumba zawozawo.

Koma tisanamizane kuti umenewu udali moyo wa mtendere. Asilikali ndi amalinyero zikwizikwi ankadutsa mu Honolulu popita ku nkhondo ya pa nyanja ya Pacific, ndipo olemba mbiri amawerengera kuti amuna pafupifupi 250,000 ankalowa m'nyumba zimenezi mwezi uliwonse. Popeza usiku kudali lamulo lozimitsa nyale ndi loletsa kuyenda, mizere inkayamba m'mawa dzuwa likuswa mtengo, kutsika masitepe mpaka mumsewu. Mtengo udali madola 3 pa mphindi 3. Dola imodzi inkapita kwa mwini nyumba, ndipo pa ziwiri zotsalazo mkazi ankalipira chipinda, chakudya, zochapa ndi dokotala womupima chindoko ndi chinzonono. Mkazi mmodzi ankatha kulandira amuna okwana 100 pa tsiku, masiku 20 kapena kuposerapo pa mwezi. Ambiri mwa akaziwo adagwera m'mankhwala ozunguza bongo kuti thupi lisamve kuwawa. Ndipo pano tiyenera kunena zoona za O'Hara: anthu amati ndiye adayambitsa njira yoti mkazi mmodzi azigwira ntchito m'zipinda zingapo motsatizana kuti mphindi isatayike. Njirayi idachulukitsa phindu, koma idachulukitsanso kutopa kwa akazi anzake. Iye sadali woyera mtima. Adali munthu wa malonda, wokonda ndalama, ndiponso wolimba chiwindi.

M'chaka cha 1942 Gabrielson adafuna kubwezera akaziwo m'khola lakale, nalamula kuti onse achoke m'madera a anthu abwerere ku Chinatown. Apa padachitika chinthu chimene mzinda sudachiyembekezere. Akazi a ku Hotel Street adanyanyala ntchito. Kwa milungu pafupifupi itatu adatseka zitseko, nayenda ndi zikwangwani kunja kwa likulu la apolisi. Dandaulo lawo lalikulu silidali la malipiro, koma loti munthu wolipira msonkho ndi wogula makalata othandizira boma pa nkhondo ali ndi ufulu wokhala kumene afuna. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: chimene O'Hara adachimenyera yekha nkhondo isanayambe, tsopano adachimenyera onse pamodzi. Potsiriza bwanamkubwa wa usilikali, General Delos Emmons, adagamula kuti akaziwo angathe kukhala kunja kwa nyumba zogwiriramo ntchito ndi kuoneka pagulu, malinga ntchito yokhayo itsale ku Chinatown. Chodabwitsa n'chakuti nyuzipepala za mumzindamo, zomwe zinkasefedwa ndi asilikali, zidangokhala duu pa nkhaniyi. Umo ndimo mbiri imafafanizikira: osati chifukwa chinthu sichidachitike, koma chifukwa ogwira cholembera adayang'ana kumbali.

O'Hara adaona kuti ngati salemba yekha, palibe adzamulembere. M'chaka cha 1944 adatulutsa kabuku kotchedwa My Life as a Honolulu Prostitute, kamene pambuyo pake kadadziwikanso ndi dzina loti Honolulu Harlot. M'menemo adaulula za ziphuphu za apolisi, nkhanza za eni nyumba, ndi mavuto a akazi anzake. Kabukuka kadafika pa nthawi imene atsogoleri a mipingo ndi mabungwe osamalira anthu adali atayamba kale kudandaula, ndiponso anthu wamba ankafuna ulamuliro wawo ubwerere kuchoka kwa asilikali. Mu September 1944 Bwanamkubwa Ingram Stainback adalamula kuti nyumba zonse zija zitsekedwe, ndipo mwezi wotsatira ulamuliro wa asilikali udatha. Mu 1946 Gabrielson adatula pansi udindo pamene kudabuka kafukufuku wa ziphuphu m'polisi ya Honolulu. Akazi ambiri adabwerera ku America, ndipo mzinda udafulumira kuwaiwala.

Mu 1951 William Bradford Huie adalemba buku la nthano lotchedwa The Revolt of Mamie Stover, lonena za mkazi wa ku Honolulu wa nthawi ya nkhondo, limene anthu ambiri amaona kuti lidatengerako moyo wa O'Hara. Pamene bukuli lidasanduka kanema mu 1956, Jane Russell ali mutu wa sewero, mkaziyo adamusandutsa wongovina ndi amuna m'holo, pakuti opanga kanema sakadaloledwa kutchula ntchito yake yeniyeni. Jean O'Hara adamwalira mu 1973. Padapita zaka zina 19 kuti akatswiri a mbiri, Beth Bailey ndi David Farber, aike nkhani ya Hotel Street pamalo pake m'buku lawo la mu 1992, The First Strange Place.

Inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, musaone ngati ndikuyamikira njira imene mtsikana wa ku Chicago uja adasankha. Nthiti zothyoka ndi amuna 100 pa tsiku zikuyankha zokha kwa aliyense wokopeka ndi zonyezimira za m'tauni. Koma kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho. Tikamaphunzitsa za nkhondo, timatchula akazembe, sitima ndi masiku, ndipo ana amaloweza. Tsiku lina tidzawafunseko kuti: pa mzere uja wa mu Hotel Street padali amuna zikwizikwi, apolisi olandira ziphuphu, ndi boma lotolera msonkho, nanga bwanji manyazi onse adasenzetsedwa akazi 250 okha? Mwana amene angalimbane ndi funso limeneli wayamba kuimvetsa mbiri, ngakhale ataiwala tsiku limene mabomba adagwa.