HELENIO HERRERA, MWINI MPIRINGIDZO

Lero tikukumbutsani za Helenio Herrera, mphunzitsi wa mpira amene anaonetsa dziko kuti timu ikhoza kupambana ngakhale mpira ukukhalitsa kumapazi a adani.

Herrera anabadwa pa 10 Abril 1910 ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina. Makolo ake anali ochokera ku Spain, ndipo anasamukira ku Casablanca, ku Morocco, iye ali mwana. Atakula anakasewera ku France ngati wotchinga kumbuyo, koma sanatchuke. Dzina lake linamveka atayamba kuphunzitsa. Anatenga ligi ya Spain ndi Atlético Madrid mu 1950 ndi 1951, kenaka ndi Barcelona mu 1959 ndi 1960. Pakati pa zaka zimenezi anaphunzitsako Belenenses ya ku Lisboa, kumene kunkasewera Matateu, mwana wa kuno ku Moçambique.

Mu 1960 anapita ku Inter ya mumzinda wa Milano, ku Italy. Kumeneko anakhwimitsa kaseweredwe kotchedwa catenaccio, kutanthauza mpiringidzo wa chitseko. Sanakayambitse ndi iye, koma iyeyo ndiye anakanola.

Kankayenda chonchi. Pagolo panali Sarti. Burgnich ndi Guarneri aliyense ankapatsidwa mdani wake woti amukakamire ngati nkhupakupa. Kumbuyo kwawo kunkaima kaputeni Armando Picchi, amene analibe munthu womulonda. Ntchito yake inali kusesa mpira uliwonse umene wapulumuka anzake. Adani ankaloledwa kubwera, kubwera ndithu, mpaka ambiri a iwo atawoloka pakati pa bwalo.

Msampha unali pamenepo. Inter ikangolanda mpira, inkapatsira Luis Suárez, amene anachokera ku Barcelona mu 1961. Iyeyu sankachedwa nawo. Ankaponya mpira wautali kumalo amene adani asiya opanda munthu. Kumanja kunkathamanga Jair wa ku Brazil, waliwiro ngati gwape. Pakati pankalowa Sandro Mazzola, kumanzere kuli Mario Corso. Ngakhale wotchinga wa kumanzere, Giacinto Facchetti, ankaloledwa kukwera, moti mu ligi ya 1965-66 anamwetsa zigoli 10. Kupatsirana katatu kapena kanayi kokha, mpira uli kale pagolo la adani.

Ndi njira imeneyi Inter inatenga ligi ya Italy mu 1963, 1965 ndi 1966. Mu 1964 inagonjetsa Real Madrid 3-1 ndi kutenga chikho cha ku Ulaya.

Chaka chotsatira mpiringidzo uja unatsekera ana a kwathu. Pa 27 Maio 1965 Inter inakumana ndi Benfica m'ndime yomaliza, pabwalo la San Siro. Benfica inali ndi Eusébio, Mário Coluna ndiponso goloboyi Costa Pereira, onse obadwira ku Moçambique. Kunagwa chimvula, bwalo lili madzi okhaokha. Kutatsala pang'ono kuti akapume, Jair anamenya mpira umene unaterera ndi kudutsa pakati pa miyendo ya Costa Pereira. Pambuyo pake goloboyiyo anavulala, ndipo poti masiku amenewo kunalibe kusintha osewera, Germano analowa pagolo. Benfica inalimbikira ndi anthu 10, koma chitseko sichinatseguke. Masewero anatha 1-0.

Komatu mpiringidzo pawokha sukwanira. Mu 1967, ku Lisboa, Inter inakumana ndi Celtic ya ku Scotland ilibe Suárez ndi Jair, amene anali ovulala. Mazzola anagoletsa penate koyambirira, timu yonse nkubwerera kumbuyo. Popanda woponya mpira wautali ndi wothamangira mpirawo, Inter inangokhalira kutchinga. Celtic inagogoda mpaka chitseko chinathyoka, nipambana 2-1.

Herrera anachoka ku Inter mu 1968 kupita ku Roma, kumene anatenga chikho cha Italy mu 1969. Anali munthu wovuta pa mwambo: ankayang'anira zakudya ndi kugona kwa osewera, ndipo ankawatsekera kukampu masewero asanafike. Ena ankamuda kuti anaipitsa mpira, ena ankamutcha mfiti chifukwa cha nzeru zake. Anamwalira ku Venezia pa 9 Novembro 1997, ali ndi zaka 87.

Inu aphunzitsi a matimu a m'midzi, mukamauza anyamata kuti abwerere kumbuyo, yambani mwadziwa amene adzaponye mpira ukalandidwa, ndi amene adzauthamangire.