Dražen Petrović, Katswiri Amene Anakhalitsa pa Benchi

M'masewero a basketball, osewera awiri amene amayambira kutali ndi dengu amatchedwa ma guard. Mmodzi amayendetsa mpira ndi kugawira anzake, winayo ntchito yake yaikulu ndi kuponya. Dražen Petrović anali woponya.

Iye anabadwa pa 22 October 1964 ku Šibenik m'dziko la Croatia, lomwe panthawiyo linali mbali ya Yugoslavia. Ali mnyamata ankalawira m'mamawa kukaponya mpira yekhayekha asanapite m'kalasi. Khama lakelo silinapite pachabe: timu yake ya Cibona inatenga chikho cha Ulaya mu 1985 ndi 1986, ndipo mu 1989, akusewerera Real Madrid, anagoletsa mapointi 62 pa fainolo imodzi yokha.

Chaka chomwecho anapita ku America, ku Portland Trail Blazers. Tsoka ilo, malo a guard anali kale ndi eni ake, Clyde Drexler ndi Terry Porter. Mphunzitsi Rick Adelman ankamulowetsa mphindi pafupifupi 12 zokha mwa mphindi 48. Ambiri amamudzudzula Adelman, koma ine ndikuona kuti anali ndi mfundo. Drexler ankagoletsa, kugawa, kulanda mipira yobwerera padengu ndiponso kutchinga, pamene Petrović potchinga anali wofooka. Ndiponso timu imene inafika mu fainolo ya 1990 ikanasinthiranji anthu ake? Portland sinkamusowa, basi.

Mu January 1991 anamutumiza ku New Jersey Nets, timu yosowa woponya. Kumeneko ananyamula zitsulo kuti thupi lilimbe, naphunzira kutchinga. Kenny Anderson ankamugawira mpira, Derrick Coleman akulimbana ndi adani pansi pa dengu, iye n'kupeza mpata. Mu 1992-93 ankagoletsa mapointi 22 pa masewero alionse, ndipo anawerengedwa pakati pa osewera 15 opambana mu NBA. Manja anali omwewo amene ankangopindidwa pa benchi ku Portland.

Mtima wake wosagonjawo unali ndi mbali yowawa. Mu 1990 Yugoslavia itatenga chikho cha dziko lonse ku Argentina, mnzake wapamtima Vlade Divac, wa ku Serbia, analanda mbendera ya Croatia kwa munthu amene analowa nayo m'bwalo. Nkhondo itabuka kwawo mu 1991, Petrović anam'fulatira Divac, ngakhale onse awiri ankasewera mu NBA.

Pa 7 June 1993 galimoto imene anakwera inagunda lole pafupi ndi Denkendorf ku Germany, ndipo anafera pomwepo ali ndi zaka 28. Anaikidwa kumanda a Mirogoj ku Zagreb. Awiriwa anali asanayanjane, ndipo chifukwa cha nkhondoyo Divac sanathe kupita kumaliro. Anadzafika pamandapo patatha zaka zoposa 15.