Bambo Leonard Kamungu, wansembe wa m'mphepete mwa nyanja

Pa msonkhano wathu wina tidafunsa amayi kuti koleji yophunzitsa ansembe ili ku Zomba ija idatchedwa dzina la yani. Onse adayankha bwino kuti ndi Leonard Kamungu. Titafunsanso kuti nanga Kamunguyo adali yani, m'tchalitchi mudangoti zii, mpaka mayi wina wachikulire adaganiza kuti kapena adali mzungu wa ku Likoma. Tidaseka, koma kunena zoona tidachita manyazi, chifukwa ifenso atsogoleri tinkangodziwa pang'ono.

Tsono tati tilembe mbiri yawo. Chatikakamiza ndi chakuti pa misonkhano yathu nkhani imene siitha ndi ya mantha: maloto oipa, mwana wodwaladwala, kadzidzi wolira pa denga, mlamu amene tikumukayikira. Amayi ambiri amafunsa kuti Mkhristu adziteteze bwanji kwa mdierekezi. Bambo Kamungu adakhala m'masiku amene mantha otere adali aakulu kuposa lero.

Iwo adabadwa cha m'ma 1877 m'mudzi wa Chia, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, tsidya la kum'mawa komwe lero ndi dziko la Mozambique. Ife a ku Tsangano izi sizitidabwitsa, pakuti abale athu ena amalima mbatatesi tsidya linalo la malire ndipo timakumana nawo pa msika. Pamene iwo ankabadwa malirewo kudalibe, adadulidwa mu 1891 ndi Angerezi ndi Apwitikizi. Midzi ya m'mbali mwa nyanja nthawi imeneyo inkagona khutu lili kunja. Angoni otchedwa Magwangwara ankatsika kumapiri kudzafunkha, ogula akapolo nawo ankadutsa ndi anthu omangidwa m'magoli kupita kunyanja yaikulu. M'mudzi mwenimwenimo mudalinso chiopsezo china. Munthu akafa mwadzidzidzi, ankafuna womupha, ndipo woganiziridwayo ankamwetsedwa mwavi kapena kutenthedwa.

Amishoni a UMCA adakhazikika pa chilumba cha Likoma mu 1885. Bambo William Percival Johnson ankayendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja pa sitima ya Charles Janson, kusiya aphunzitsi ndi kutsegula timasukulu ta udzu. Mnyamata Leonard adaphunzira m'masukulu a mishoni amenewa, nabatizidwa, ndipo ataona kuti mutu wake ukugwira adamutumiza ku Zanzibar, ku sukulu ya Kiungani imene poyamba idatsegulidwira ana oomboledwa ku ukapolo. Taganizani amayi, kulola mwana wanu kukwera ulendo wa masabata ambiri kupita komwe ana a anzanu adapita m'magoli osabwerera. Ife tikaperekeza mwana ku sekondale ku Ntcheu pa boma pomwepa timagona osatseka maso.

Ku Zanzibar adakapeza tchalitchi chachikulu chomangidwa pa malo amene padali msika wa akapolo, womwe udatsekedwa mu 1873. Kwathu kuno Mpingo udachitanso chimodzimodzi. Katedulo ya Petro Woyera ku Likoma, imene adayamba kuimanga mu 1903, ili pa malo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Nkhani imeneyi timaikonda kwambiri. Makolo athu m'chikhulupiriro malo oopsawo sadawalambalale, ndipo sadakakwirirepo mankhwala otsirika. Adaikapo guwa, nayamba kuchitirapo Misa tsiku ndi tsiku. Amayi amene akadatha kutenthedwa pamalopo ndiwo adasenza nawo zomangira tchalitchicho.

Bambo Kamungu adadzozedwa udikoni mu 1902, m'masiku a Ambuye Bishopu Gerard Trower. Adatumikira ku Nkhotakota, mudzi wa a Jumbe komwe kale akapolo ankaolotsedwera m'zombo, ndiponso ku Lungwena m'boma la Mangochi. Malo onse awiri adali ovuta pa ntchito ya Mpingo chifukwa anthu ambiri adali kale Asilamu. Tisalakwitse pamenepa: Asilamu ndi anansi athu, ena ndi abale athu a magazi, ndipo sitikuwatchula adani. Chovuta chidali chakuti mtumiki ankatha kuphunzitsa chaka chathunthu osaona chipatso chooneka. Amene mudayambitsapo nthambi ya amayi pa tchalitchi chaching'ono, n'kumakhala atatu okha Lachinayi lililonse, mukudziwa mmene mtima umafookera.

Unsembe adaulandira mu 1909, atakhala dikoni zaka zisanu ndi ziwiri. Asanadzozedwe iwo, mu dayosiziyi mudali kale ansembe akuda, monga Bambo Yohanna Abdallah, Myao amene adatumikira ku Unangu, ndi Bambo Augustine Ambali a ku Msumba amene adachokera kugombe la nyanja yaikulu ataomboledwa ku ukapolo. Koma mwa Anyanja a m'mphepete mwa nyanja yathu, woyamba adali Bambo Kamungu. Amishoni a nthawiyo ankazengereza kudzoza anthu akuda, pamene mnyamata wochokera ku England ankatha kulandira unsembe patangotha chaka chimodzi cha udikoni. Ife tikuona kuti yesero lalikulu pa moyo wawo mwina lidali pamenepa. Mdierekezi sabwera ndi nyanga nthawi zonse. Amabweranso ndi kamawu ka mumtima kakuti akukupondereza, siya, ubwerere kwanu. Tawaona amayi olimbika atasiya kuvala yunifolomu chifukwa sadasankhidwe pa mpando. Bambo Kamungu adadikira, ntchito osaisiya. Sadakwatirenso, adasankha kudzipereka yense ku utumiki, chinthu chimene pa chikhalidwe chathu achibale sachimvetsa msanga.

Mu 1910 Mpingo udakhazikitsa dayosizi yatsopano ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia. Bishopu wake woyamba adali John Edward Hine, dokotala wa zachipatala amene adakhalapo Bishopu wa Likoma komanso wa Zanzibar. Iwo ankasowa antchito, ndipo Bambo Kamungu adavomera kupita. Pofika 1911 adali ali ku Msoro, pakati pa Akunda, m'chigwa cha Luangwa kumadzulo kwa Fort Jameson, tauni imene lero ndi Chipata.

Apa mutilole tilankhule monga anamwino akale. Chigwa cha Luangwa n'chotentha koopsa, malungo ngosasowa, ndipo kuli ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa matenda a kaodzera. Mu 1910 momwemo madokotala adazindikira mtundu woopsa wa matendawa, wopha msanga, kwa munthu amene adawatengera m'chigwa chimenechi. Mankhwala odalirika a kaodzera padalibe, a malungo adali kwinini basi, ndipo ku Msoro kudalibe chipatala. Munthu wokulira pa mphepo ya kunyanja, wozolowera usipa ndi kondowole, kupita kukakhala kumeneko kudali kuika moyo pa chiswe. Adapitanso ngati mlendo, kwa anthu a mtundu wina, opanda mbale wowaphikira. Kawirikawiri tikamva mawu akuti mmishonale timaganiza za mzungu. Mishoni ya Msoro adaiyambitsa ndi mwana wa m'mudzi wa Chia.

Ntchito yawo idali yoyenda pansi, mudzi ndi mudzi, kutsegula masukulu, kuika aphunzitsi ndi kusonkhanitsa ofuna kumva Mawu. Anthu adabwera ambiri. Mwambo wa UMCA sudali wothamangira ubatizo. Munthu ankayamba kukhala womvera, kenaka akaonetsa khama ankalandira kamtanda kovala m'khosi nalowa m'kalasi, ndipo ubatizo unkabwera patapita nthawi yaitali akuphunzira. Pa ubatizopo ankafunsidwa pamaso pa anthu ngati akumukana Satana. Funso limeneli kwa iwo silidali lamwambo chabe, pakuti kuvomera kunkatanthauza kuvula chithumwa, kusiya kuombeza maula, ndi kukana kumwetsa mnzako mwavi ngakhale mwana wako atamwalira. Kamtanda kaja sikadaperekedwe kuti kalowe m'malo mwa chithumwa. Kadali chizindikiro chakuti munthuyu ali ndi mwini wake. Tikunena izi chifukwa masiku ano tikuona amayi ena, a Mpingo wathu womwe, akugula timabotolo ta madzi ndi mafuta kwa aneneri, n'kumawaza pa khomo monga momwe agogo athu ankatsirikira nyumba. Dzina lasintha, koma mantha ake ndi omwe aja.

Bambo Kamungu adakhala ku Msoro zaka ziwiri zokha. Adamwalira mu February 1913, ali ndi zaka pafupifupi 36. Kuyambira nthawi yomweyo anthu ambiri adakhulupirira kuti adawathirira mankhwala akupha m'chakudya, ndipo woganiziridwa adali wa pakhomo pawo pomwe, amene ankawaphikira. N'chifukwa chake ena amawatchula ofera chikhulupiriro.

Imfa imeneyi yatiganizitsa kwambiri. Wina angafunse kuti ngati Mulungu amateteza atumiki ake, bwanji wansembe wopemphera chotere adafa ali wamng'ono, kutali ndi kwawo? Funso lomweli tidafunsidwa kambirimbiri m'mawodi ndi amayi amene adataya ana ngakhale adapemphera usiku wonse. Sitidawayankhe kuti chikhulupiriro chawo chidachepa, ndipo tikupempha kuti pasapezeke mayi wa bungwe lathu wonena mawu otere pa maliro. Paulo Woyera polembera Aefeso, mutu 6, amafanizira Mkhristu ndi msilikali wovala zida. Mukawerenge nokha bwinobwino. Simupezamo lonjezo lakuti msilikaliyo sadzavulala kapena kufa. Chimene chikubwerezedwa ndi chakuti asasunthike pamalo pake. Paulo mwini adalemba kalatayo ali m'ndende. Ngati mdani ankafuna kuti ntchito ya ku Msoro ife pamodzi ndi wansembe wake, sadaphule kanthu. Ansembe ena adabwera kudzapitiriza, ndipo tchalitchi cha Luka Woyera ku Msoro chidadzakhala katedulo ya dayosizi ya Eastern Zambia.

Palinso china chimene tikufuna muchione. Mu 1911, pamene Bambo Kamungu ankayamba ntchito ku Msoro, boma la atsamunda kuno kwathu lidakhazikitsa lamulo loletsa mwavi ndi kutchula munthu mfiti. Lamulo lidalembedwa, koma mtima wa munthu sulembedwa ndi boma. Mu 1995 tidaona ndi maso athu magalimoto odzaza anthu akupita ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Goodson Chisupe, amene ankati ukuchiza Edzi, ndipo m'magalimotomo mudali Akhristu ambirimbiri. Odwala athu ena adasiya kubwera ku chipatala, tidadzawalandiranso matenda atafika posauzana. Mu January 2016, m'boma la Neno loyandikana nafe, okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Adawaphawo ankayesa kuti akulimbana ndi Satana, chonsecho ankamugwirira ntchito. Chipyela chija sichili kutali ndi ife monga tiganizira.

Pa zaka zimene tidagwira ntchito ya unamwino, tidalandira ana ambiri okomoka ndi malungo a mu ubongo atachedwetsedwa masiku atatu kwa sing'anga, thupi lonse mphini, kachingwe m'chiuno. Mayi wake ukamufunsa, ankati kunyumba anena kuti mwanayu wachita kulodzedwa, ndipo dzina la womulodza analidziwa kale, kawirikawiri gogo wamasiye wa kumapeto kwa mudzi. Ena mwa anawo tidawapulumutsa, ena ayi. Tikukumbukira mayi wina amene adabwera atavala chitenje cha Mpingo, korona m'manja, mwana ali ndi chithumwa m'khosi. Sitidamukalipire, pakuti nafenso tidaleredwa m'mudzi ndipo mawu a apongozi tikudziwa kulemera kwake. Tidamupempha kuti tipemphere limodzi kwinaku tikuika diripi, ndipo m'mawa mwake adachidula yekha chingwecho. Mwanayo adatuluka ali bwino patapita sabata. Kulimba kwa mayi uja kudayesedwa atabwerera kumudzi, komwe ankayenera kukana kuloza chala gogo amene banja lonse lidali litamuweruza kale.

Dayosizi yathu ya Upper Shire idabadwa mu 2002, ndipo ansembe ambiri amene akutumikira m'maparishi athu adadutsa pa koleji ya dzina la Bambo Kamungu. Mpingo umawakumbukira mwezi wa February, mwezi wa imfa yawo. Kuno ku Tsangano umenewu ndi mwezi wa mvula, misewu yoterera ndi nkhokwe zopanda kanthu, nthawi imene malungo amachuluka ndipo mphekesera za ufiti zimayenda msanga. Amayi a kuno tagwirizana kuti mwezi umenewo tidzawerenge mbiriyi pa msonkhano wa Lachinayi, ndipo tikatuluka tidzagawane awiriawiri kukayendera agogo amene anthu akuwanong'oneza m'midzi yathu. Aliyense adzabwere ndi kambale ka ufa kapena mbatatesi, ndipo tidzapite masana, titavala yunifolomu, kuti mudzi wonse utione tikulowa m'nyumbazo.