Montgomery, Dotolo Amene Anazindikira Chigodola cha Nkhumba

Alimi a ku Chiradzulu amadziwa bwino kuti nkhumba zikayamba kukana chakudya ndi kufiira m'makutu, chigodola chafika, ndipo pakutha pa sabata khola likhoza kutsala lopanda kanthu. Pamodzi ndi nkhumbazo pamapitanso fizi ya ana ndi ndalama za feteleza. Munthu woyamba kulongosola nthenda imeneyi m'mabuku a sayansi anali Robert Eustace Montgomery, dotolo wa ziweto wa ku Britain, amene anabadwa m'chaka cha 1880.

M'chaka cha 1907 iye ndi mnzake Allan Kinghorn anafika m'dziko limene lero ndi Zambia kudzafufuza matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Pambuyo pake anakagwira ntchito ku Kenya, kumene nkhumba zochokera ku Ulaya zinali kufa pafupifupi zonse nthendayo ikalowa m'khola.

Ku Ulaya kunali kale chigodola cha mtundu wina, tsono kukadakhala kwapafupi kunena kuti ndi chomwecho. Koma Montgomery anayesa mofatsa, napeza kuti chitetezo cha chigodola cha ku Ulaya sichinali kuthandiza pa nthenda ya kuno. Anaonanso kuti nkhumba zam'tchire zikhoza kusunga kachilomboko osadwala, ndi kuti mpanda wabwino umapulumutsa nkhumba zoweta. Zonsezi anazifalitsa mu 1921.

Njira yotemera nthendayi anaifunafuna koma sanaipeze, ndipo anamwalira mu 1932. Mu 1969 Walter Plowright ndi anzake anapeza kachilomboko mu nkhufi zokhala m'mauna a njiri. Mu 2023 dziko la Vietnam linaloleza malonda a katemera wopangidwa pofooketsa kachilomboko.

Akatswiri akulimbanabe ndi vuto lina. Akapima magazi, nkhumba yotemeredwa imafanana ndi imene inagwidwa ndi nthenda. Nchifukwa chake akufuna katemera wa chizindikiro, wochotsedwa mbali ina ya kachilomboko, kuti wopima athe kusiyanitsa ziwirizo. Wotere alipo kale wa chigodola cha ku Ulaya.

Pakali pano chida cha mlimi wa ku Chiradzulu ndi chomwe chija anachiona Montgomery: khola lolimba. Nkhumba zisayendeyende m'mudzi, ndipo imene yafa ndi nthendayi ikwiriridwe, isapite kumsika.