KAMUZU BANDA NDI CHINENERO CHA MAKOLO AKE

Munthu wochokera ku Old Town akaoloka mlatho wa Lilongwe ndi kukwera mpaka ku City Centre, amafika pa manda a Dr. Hastings Kamuzu Banda, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Akuluakulu a ife timamkumbukira ndi chipewa chakuda, suti ya ku London ndi litchowa m'manja. Koma awerengi athu achinyamata kapena sadziwa kuti munthu ameneyu, amene anakweza Chichewa pamwamba pa zinenero zina zonse za dziko lino, sanali kulankhula nacho pa misonkhano yake.

Kamuzu anabadwira pafupi ndi Kasungu. Boma lake linali kuwerenga 1906 ngati chaka cha kubadwa kwake, koma ambiri olemba mbiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Anaphunzira m'sukulu za Mishoni ya Livingstonia. Zimanenedwa kuti m'chaka cha 1915, polemba mayeso a uphunzitsi, mnyamatayo, pokhala wamfupi, anaimirira kuti aone bwino pa bolodi. Ndipo mbusa wa ku Scotland woyang'anira mayesowo, T. Cullen Young, poyesa kuti alikuonera kwa mnzake, anamtulutsa. Dzina la mbusayu mulisunge, pakuti tidzakomana nayenso.

Pamenepo anauyamba ulendo wa pansi kunka ku Southern Rhodesia, nagwira ntchito m'chipatala ku Hartley. Kenaka anapitirira ku Joni, kumene anakhala kalaliki pa mgodi wina ku Boksburg. M'chaka cha 1925 Mpingo wa African Methodist Episcopal unamthandiza kuoloka nyanja kunka ku Amereka.

Ali pa Yunivesite ya Chicago anakomana ndi Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku Amereka komweko, wophunzira za kapangidwe ka zinenero. Watkins anali asanapondeko ku Nyasaland. Tsono awiriwa anali kukhala pansi masiku ambiri, wina kufunsa ndi kulemba, wina kutchula mau ndi kubwereza, kufikira mlendoyo atamva pamene liu likwera ndi pamene litsika. Buku lotuluka m'menemo, A Grammar of Chichewa, linasindikizidwa m'chaka cha 1937, chaka chomwe Kamuzu anatsiriza maphunziro a udotolo ku Meharry. Taonani dzina la bukulo. Nthawi imeneyo mabuku a m'sukulu ndi a m'tchalitchi kuno kwathu anali kutchula chinenero chathu Chinyanja; koma mwana wa ku Kasunguyu anauza mphunzi mnzake dzina limene analimva kwa amai ake.

Atafika ku Scotland kukaonjezera maphunziro, anapezana ndi Cullen Young yemwe uja. Mlandu wa mayeso unatha, ndipo anakhala mabwenzi. Pamodzi anamasulira m'Chingerezi nkhani zimene Anyasaland atatu, John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, analemba m'chinenero chao za miyambo ya makolo. Ndipo mu 1946 bukulo linatuluka ku London ndi dzina la Our African Way of Life. Potero Angerezi anayamba kuwerenga za chinamwali ndi ukwati wa kwathu monga anazifotokozera eni ake, osati mlendo wongodutsa.

Pa 6 July 1958 anatera pa Chileka, atakhala kunja zaka zoposa 40, kudzatsogolera nkhondo yokana Chitaganya. Makamu anamchingamira, koma iye anawalankhula m'Chingerezi, wina namasulira. Ndi m'mene zinakhalira kufikira ukalamba wake: John Msonthi, ndipo pambuyo pake John Tembo, anali kuima pambali pake kumasulira mau. Komatu khutu lake silinaiwale iai; womasulira akaphonya liu, mwini wake anali kumkonza pomwepo, anthu onse alikumva.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr. Banda anatenga njira imene anzake a mu Afrika sanaiyembekeze. Malawi alibe doko; katundu wake anali kudzera ku Mozambique, dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi masiku amenewo, ndipo amuna ake zikwi zambiri anali ku migodi ya ku Joni. Tsono mu 1967 anagwirizana ndi boma la tsankho la South Africa kuti atumizirane akazembe, chinthu chimene dziko lina lililonse la anthu akuda silinachite. Nduna Yaikulu John Vorster inabwera kuno mu 1970, ndipo iye anapita kumeneko mu 1971. Atsogoleri ena anamuyesa wogulitsa abale ake. Iye anali kuyankha kuti tsankho silitha ndi kunyanyala, koma ndi kukambirana.

Mzinda wathu uno ndi mwana wa chibwenzi chimenecho. Angerezi atakana kupereka ndalama zosamutsira likulu kuchoka ku Zomba, South Africa anabwereka Malawi marandi 8 miliyoni mu 1968, ndipo akatswiri a kumeneko anathandiza kujambula mapu a mzinda. Ndi pamene panabadwira Capital Hill, City Centre, ndi ma Area 10 ndi 43 a mabwalo akuluakulu ndi mitengo yambiri, kutali ndi phokoso la msika wa Old Town. Aliyense amene anayendapo pansi kuchokera ku Kawale m'mamawa kukagwira ntchito m'nyumba zimenezo adziwa kuti ojambulawo sanaganizire munthu wopanda galimoto. Lilongwe anakhala likulu mu 1975, ngakhale mwini wake anakonda kukhalabe ku Sanjika, ku Blantyre.

Chaka chomwecho cha 1968, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party, wochitikira muno mu Lilongwe, unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndi kuti chikhale chinenero cha fuko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Dzina lija la pa buku la ku Chicago linasanduka lamulo. Ubwino wake tonse tikuudziwa: Mlomwe, Myao ndi Mngoni amamvana pa msika ndi pa Misa. Koma Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo bala limenelo anthu a kumpoto sanaliiwale. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 kuti lilongosole kalembedwe. Chodabwitsa n'chakuti pa sukulu imene anaikonda koposa, Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981, ana anali kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi a ku Ulaya, Chichewa chitatsala kunja kwa mpanda.

Ndipo iye amene anathandiza Anyasaland atatu aja kuti mau ao amveke ku London, sanalole olemba a m'dziko lake kunena za kukhosi. Lamulo lopima mabuku linaikidwa mu 1968. Mabuku ambiri analetsedwa. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 wosaimbidwa mlandu, kufikira olemba a maiko ena atafuula kwambiri. Pa 8 March 1992 kalata ya Lenti ya Ambuye Maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi athu onse, m'zinenero zimene anthu amamva, Chitumbuka chomwe. Ndipo m'mwezi wa May maiko othandiza Malawi, atasonkhana ku Paris, anaimitsa thandizo lao lambiri. Nkhondo ya mau ya pakati pa Amereka ndi Russia inali itatha, ndipo Azungu sanamfunenso monga kale. Anthu anasankha zipani zambiri pa 14 June 1993. Mu May 1994 anagonja pa chisankho, navomereza. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi chaka chomwecho.

Anamwalira m'chipatala ku Johannesburg pa 25 November 1997, naikidwa muno mu Lilongwe. Nyumba ya Malamulo yoyandikana ndi manda ake, yotsegulidwa mu 2010, anaimanga ndi a ku China, dziko limene iye sanapalane nalo ubwenzi, popeza mu 1966 anasankha Taiwan. Aphungu okhala m'menemo amakambirana za dziko m'Chingerezi.